Mutu 6: Kumeretsa Mizu Panthambi ya Mkuyu Isanadulidwe

Wa kuno kwathu akamva za mkuyu, chimene chimamubwerera m'mutu ndi chimtengo cha m'mphepete mwa mtsinje, cha khungwa lachikasu, chobala nkhuyu mothithikana pathunthu ndi panthambi zikuluzikulu, pomwe anyani, mileme ndi mbalame sizisowa. Umenewo akatswiri a zomera amautcha Ficus sycomorus, ndipo ndi womwewo umene Zakeyu adakwera ku Yeriko. Mutu uno ukukamba za mbale wake wamfupi, Ficus carica, wa masamba aakulu ogawikana patatu kapena pasanu, umene nkhuyu zake n'zotsekemera kwambiri ndipo zimagulitsidwa zouma m'masitolo akuluakulu. Kwawo kwa mtengowu ndi maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean ndi kumadzulo kwa Asia. Dziko lokolola nkhuyu zochuluka kuposa onse ndi Turkey, makamaka chigawo cha Aydın, ndipo Egypt, Morocco ndi Algeria amatsatira. Kummwera kwa Africa kuno mtengowu umakondwa ku Western Cape, komwe mvula imagwa nthawi yozizira. Amene adagwirako ntchito ya m'magaladeni ku Cape Town amaudziwa bwino.

Kuyambira kale, anthu akhala akuchulukitsa mtengowu ndi nthambi, osati ndi njere. Mu 2006, Mordechai Kislev, Anat Hartmann ndi Ofer Bar-Yosef adalengeza za nkhuyu zopserera zimene zidafukulidwa pamalo otchedwa Gilgal, m'chigwa cha Yorodano, za zaka pafupifupi 11,400 zapitazo. Nkhuyuzo zidali za mtundu wopanda njere zomera. Iwo adati mtengo wotere sungachulukane pawokha, choncho payenera kuti padali anthu amene ankathyola nthambi n'kumazizika m'nthaka. Akatswiri ena adawatsutsa, koma ngati atatuwa adalondola, ndiye kuti kubzala nthambi ya mkuyu ndi umodzi mwa maulimi akale kwambiri amene munthu adaphunzira.

Chifukwa chake njere siyodalirika

Akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Adaona bwino, kungoti tizilombo tambiri timene mumapeza mukang'amba nkhuyu ya kumtsinje si nyerere ayi, ndi timavu ting'onoting'ono. Nkhuyu ndi thumba la maluwa mazanamazana obisika m'kati, ndipo khomo lake ndi kabowo kamodzi kali kunsiko. Kamavu kakakazi kamalowa pakabowopo katanyamula ufa wa maluwa, kamaikira mazira, ndipo potero njere zimakhwima. Pafupifupi mtundu uliwonse wa mkuyu uli ndi kamavu kakekake. Ka mkuyu wathu wa kumtsinje kaliko kuno, n'chifukwa chake umadzimerera wokha paliponse pamene mileme yagwetsa njere. Ka Ficus carica, kotchedwa Blastophaga psenes, kwawo ndi komwe kudachokera mtengowo.

Mitundu ya nkhuyu zodya imagawikana pankhani imeneyi. Ina, monga Brown Turkey, Black Mission ndi Kadota, imapsa popanda kamavu, ndipo tinjere timene timachita kekete pamano timakhala tamphwepwa. Ina, monga Sarılop wa ku Aydın uja, popanda kamavu nkhuyu zake zimayoyoka zili zaziwisi. Alimi a ku California adaphunzira zimenezi mowawa. M'zaka za m'ma 1880 adaitanitsa nthambi za nkhuyu za ku Smyrna, mitengo idakula bwino, koma chaka ndi chaka zipatso zimangogwa. Zidatheka mu 1899, Walter Swingle atatumiza timavu timeneti kuchokera ku Algeria.

Tsono wina akafesa njere za nkhuyu zouma za m'sitolo, zimatha kumera ndithu, koma pafupifupi theka la mitengoyo imatuluka yaimuna, ya zipatso zosadyeka, ndipo ina yotsalayo idzafuna kamavu kamene kuno kulibe. Adzadikira zaka n'kukolola masamba. Nthambi ilibe mwayi kapena tsoka lotere: chimene mayi wake ali, nayonso ndi chomwecho. Choncho ntchito yoyamba si ya mpeni. Ndi kupeza mtengo umene mwauona ndi maso anu ukupsa zipatso m'dera lanu lomwelo, n'kulawako.

Bwanji osangodula n'kuzika?

Funso ndi labwino, pakuti mkuyu suvuta kumera. Kamtengo kotalika masentimita 20 kapena 25, kodulidwa mtengo utayoyola masamba, kamagwira pafupifupi monga umagwirira mtengo wa chinangwa. Wofuna mbande mazana adule timitengo basi, asavutike ndi zimene zili m'mutu uno.

Koma kamtengo kodula kali pa mpikisano. Kayenera kutulutsa mizu madzi ndi chakudya cha m'kati mwake zisanathe, ndipo nthawi zambiri kamayamba ndi masamba, mwini wake n'kusangalala, pamene pansi palibe muzu ndi umodzi womwe. Dzuwa likawomba masiku atatu, kafota. Njira yomeretsa mizu m'mwamba, imene mabuku achingerezi amaitcha air layering kapena marcotting, imachotsa mpikisano umenewu. Nthambi imatulutsa mizu ikadali pamtengo, ikumwabe madzi a mayi wake, ndipo imadulidwa pokhapokha mizu itakwana. Mumathanso kutenga nthambi yaikulu, yotalika mpaka mita, imene ikadakhala yodula sikadapirira. Njirayi ndi ya munthu wofuna mitengo iwiri kapena isanu yotsimikizika, kapena amene wapempha nthambi imodzi yokha pamtengo wa mnzake ndipo sangabwererenso kukapempha ina. Alimi a ku China akhala akuchulukitsa mitengo ya lychee mwa njira yomweyi kwa zaka mazana ambiri, ndipo imagwiranso pa gwafa ndi mandimu.

Zimene zimachitika m'kati mwa nthambi

Nthambi ili ndi njira ziwiri. Madzi amakwera kuchokera kumizu kudzera mumtengo wolimba wa m'kati. Chakudya chimene masamba amapanga padzuwa, chomwe ndi shuga, chimatsika kudzera m'mbali yofewa ya m'kati mwa khungwa. Pakati pa ziwirizi pali kachigawo kopyapyala, koterera, kotchedwa cambium, kamene kamapanga mtengo watsopano chakum'kati ndi khungwa latsopano chakunja.

Mukasenda khungwa kuzungulira nthambi, mwatseka njira yotsikira koma yokwerera mwaisiya. Masamba safota, amapitiriza ntchito yawo, ndipo shuga akamatsika amafika pabalapo n'kuima. Pamodzi ndi shuga pamaunjikananso auxin, mphamvu yokulitsa zomera yochokera kunsonga, imene Frits Went wa ku Netherlands adaionetsa poyera m'zaka za m'ma 1920. Mlomo wakumtunda wa bala umatupa, umachita timatuza toyera, ndipo pakakhala mdima ndi chinyezi, timatuzato timatsatiridwa ndi mizu.

Amene adaonapo mlimi akuumitsa mtengo wa m'munda pousenda khungwa kuzungulira thunthu angadabwe kuti bwanji apa mtengo sukufa. Uja amafa chifukwa mizu yake yonse yamanidwa chakudya. Apa mwasenda nthambi imodzi, zinazo zikudyetsabe mizu. Koma chenjezo lili pomwepo: musachite umbombo n'kusenda nthambi zonse za kamtengo kakang'ono tsiku limodzi.

Nthawi yake

Makanema ambiri a pa intaneti amatchula Meyi, Juni ndi Julayi. Imeneyo ndi miyezi ya ku Ulaya ndi ku America. Kuno Juni ndi Julayi mkuyu umakhala ukupuma, masamba atayoyoka, khungwa litakakamira pamtengo. Chofunika ndi nyengo imene mtengo ukuphuka mwamphamvu. Ngati umathiriridwa, Seputembala ndi wabwino. Okutobala ndi woopsa kumadera otentha monga kuchigwa cha Shire ndi kunyanja, chifukwa zokutira pabala zimauma msanga kapena kutentha mpaka kupha timizu. Kwa ambiri nthawi yosavuta ndi pamene mvula yayamba, Novembala mpaka Januwale. Mtengo womwe umakuuzani: khungwa likamasendeka lokha mosakakamiza, nthawi yakwana.

Kusenda ndi kumanga

Sankhani nthambi ya chaka chatha, imene khungwa lake lasiya kubiriwira, yonenepa kuyambira ngati pensulo mpaka chala chachikulu, yowongoka ndiponso yoombedwa ndi dzuwa. Kuchokera kunsonga bwererani masentimita 40 mpaka 60, pezani mfundo, n'kuchotsa masamba oyandikana nayo. Mizu imakonda kutulukira pamfundo, choncho bala likhale kunsi kwake pang'ono.

Ndi mpeni wakuthwa ndi woyera, lembani mzere kuzungulira nthambi, wongopyola khungwa. Lembani wina kunsi kwake, kutalikirana masentimita 2 kapena 3, ndipo lumikizani mizere iwiriyi ndi kamzere kotsika. Mukalowetsa nsonga ya mpeni, khungwa limavuka lonse kamodzi, n'kusiya mtengo woyera, wonyezimira, woterera mukaukhudza. Kutererako ndiye cambium uja, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Akamusiya, mkuyu umapoletsa bala m'masabata ochepa, khungwa lakumtunda n'kulumikizana ndi lakunsi, njira yotsikira n'kutseguka. Pakutha miyezi iwiri mumamasula n'kupeza chipsera chokongola chopanda muzu. Palani ndi msana wa mpeni kuzungulira konse mpaka pasiye kunyezimira. Koma kupala si kusema. Mukalowa kwambiri mwadula njira ya madzi ndipo nthambi idzathyoka ndi mphepo.

Pofika apa utomoni woyera umakhala ukudontha. Musaupeputse. Umayabwa, ndipo uli ndi mankhwala otchedwa psoralen amene akakhala pakhungu kenako n'kuombedwa ndi dzuwa amatulutsa matuza onga a moto, zipsera zake n'kukhala miyezi. Valani malaya a manja aatali, ndi magolovesi ngati alipo, gwirani ntchitoyi m'mamawa kapena madzulo, musagwire m'maso, ndipo mukatha sambani ndi sopo.

M'masitolo a zaulimi mumapezeka ufa wothandiza kumeretsa mizu, monga Seradix. Mphamvu yake ndi IBA, imene Zimmerman ndi Wilcoxon a ku Boyce Thompson Institute ku America adaonetsa ntchito yake mu 1935. Ngati muli nawo, pakani pang'ono pamlomo wakumtunda wa bala, osati wakunsi. Ngati mulibe, musakwere minibasi kukaufuna. Ufawu ndi wa mitengo yamakani. Mkuyu umamera popanda.

Chofunika kwambiri ndi chimene mukutire pabalapo. Mabuku amatchula sphagnum moss, ndere za m'madambo a maiko ozizira, zimene kuno n'zosowa. Ufa wa makoko a kokonati umagwira bwino chimodzimodzi. Utuchi wowolerana, wakuda, umathekanso, koma osati wongochoka kumene pasowo kapena wa matabwa othiridwa mankhwala. Kompositi wopsa bwino wosakaniza ndi mchenga pang'ono nayenso amatha, ngakhale amalemera. Chilichonse mwasankha, chinyowetseni kenako mufinye m'manja mwamphamvu. Pakagwa dontho limodzi kapena awiri, zili bwino. Madzi akamachucha m'zala, achuluka, ndipo bala lidzawola. Mizu imafuna mpweya monga imafunira madzi, ndipo ntchito zambiri zotere zimawonongeka ndi kunyowetsa kuposa kuuma.

Pepala la shuga la kilogalamu imodzi, mukalidula kunsi n'kuling'amba m'mbali, limakwana bwino. Likulungeni panthambi ndipo muyambe kumanga kunsi kwa bala, kuti likhale ngati kathumba. Dzazani mpaka chibulunga chifike kukula kwa zibakera ziwiri, bala ndi mfundo ija zili pakati, tsinderani pang'ono, kenako mangani kumtunda. Kumtundaku mangani molimba, chifukwa madzi a mvula amatsetsereka ndi nthambi ndipo akapeza mpata amadzaza thumba lonse. Mphira wa chubu cha njinga ndi wabwino chifukwa umatanuka nthambi ikamanenepa. Waya umadya khungwa. Ena amagwiritsa ntchito botolo la pulasitiki loling'amba pakati, ndipo ubwino wake ndi woti chibulunga sichigwedezeka. Pamwamba pa zonsezi kutirani ndi foyilo, chiguduli kapena pepala lokhuthala, kuti kuwala kusalowe komanso dzuwa lisaphike za m'kati. Ngati nthambi yalemedwa, imangirireni kunsungwi.

Pulasitikiyu ndiye adapeputsa ntchitoyi. Polythene adatulukiridwa ku England mu 1933, ndipo alimi adayamba kumangira nthambi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Kale ankamata dothi n'kukulunga ndi udzu kapena chiguduli, ndipo ku India ankapachika kamphika kobowola pamwamba, kachingwe n'kumatsitsa madzi dontho limodzilimodzi pachibulungacho.

Kudikira

Kukakhala kofunda, mkuyu umaonetsa mizu pakati pa masabata 4 ndi 8. Kamodzi pasabata tukulani chokutira chakunja n'kusuzumira, koma pulasitiki musamasule. Timadontho ta nthunzi m'kati ndi chizindikiro chabwino. Chibulunga chikapepuka n'kuyera, thirani madzi pang'ono ndi sirinji ndipo mutseke kabowoko ndi tepi. Nyerere zimakonda kumangamo nyumba ndi kutulutsa dothi, ndipo mbalame zina zimajompha foyilo. Zonsezi zimaoneka msanga kwa munthu woyendera mtengo wake.

Tsiku lina mudzaona muzu woyamba, woyera, wonenepa, utatsamira papulasitiki. Pamenepa dzanja limayabwa kufuna kudula. Lezani mtima. Mizu yoyera yoyambayi ndi yofewa, imathyoka mukangoikhudza, ndipo iwiri kapena itatu singamwetse nthambi ya masamba khumi. Dikirani mpaka ichite nthambi zake, izungulire chibulunga mbali zonse, ndipo ina iyambe kuderako. Sabata ziwiri zowonjezera siziwononga kanthu, pakuti mayi akuthirirabe.

Kudula, ndi masabata oopsa otsatira

Dulani kunsi kwa chibulunga ndi sowo kapena sizasi ya mitengo, madzulo kapena tsiku la mitambo. Chikwanje ayi, kugwedeza kwake kumathothola mizu m'kati. Kuyambira mphindi imeneyo nthambi yaleka kuyamwa, ndipo monga mwana woletsedwa bere, masiku oyamba ndiwo ovuta. Dzulo masamba onse amamwetsedwa ndi mizu ya mtengo wathunthu, lero akudalira kachibulunga. Choncho chotsani theka la masamba kapena kuposa, otsalawo ngati ndi aakulu muwadule pakati, ndipo nkhuyu zonse zimene zili panthambipo zichoke. N'zowawa kuthothola zipatso zimene mwaziyang'ana miyezi iwiri, koma zikatsala zimalanda madzi ndi chakudya chimene mizu ikufuna.

Masulani pulasitiki mosamala ndipo chibulunga musachiphwanye kapena kuyesa kuwongola mizu. Chiikeni chonse m'chubu chachikulu kapena m'chidebe chobowola pansi, cha malita 5 kapena kuposa, chokhala ndi dothi lotayana. Thirirani, zikani kamtengo kochirikiza, ndipo ikani pamthunzi posaomba mphepo kwa masabata 3 kapena 4. Masamba ena akagwa musataye mtima; yang'anani kunsonga. Kukatuluka tsamba latsopano, yambani kuzoloweza dzuwa la m'mawa, kenako la tsiku lonse. Ngati nthambi ndi yaikulu kwambiri, ena poichotsa pamtengo amayamba aidula theka lokha, n'kudzamaliza patatha sabata.

Zimene mwana amatengera ndi zimene amasiya

Popeza mtengo watsopanowu ndi womwe uja, umatengera kukoma kwa mayi pamodzi ndi matenda ake. Nthenda ya fig mosaic, imene imachititsa masamba mawangamawanga achikasu ndi kupindika, ili m'thupi monse mwa mtengo ndipo imapita ndi nthambi iliyonse, kaya yodula kaya yomeretsa m'mwamba. Mankhwala ake kulibe. Yang'anani masamba a mayi musanatulutse mpeni. Yang'ananinso thunthu ngati lili ndi mabowo otuluka utuchi, ntchito ya mphutsi za chikumbu choboola mikuyu, Phryneta spinator, chimene chimasautsa kwambiri ku South Africa.

Koma pali mdani mmodzi amene njirayi imamusiya pansi. Mkuyu umavutika kwambiri ndi manematodi, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu n'kuchita timfundo. Alimi a fodya ndi tomato amatidziwa. Timachuluka m'dothi lamchenga, lofunda. Munthu akakumba mphukira ya patsinde kuti akabzale kwawo, amanyamula ndi tinyongolotsito. Mizu yomera m'mwamba sinakhudzepo nthaka ya pamtengopo, choncho imayamba moyo ili yoyera, bola zimene mudakutira ndi dothi la m'chubu zisachokere m'dimba la tomato, therere kapena fodya. Kwa ine, ubwino umenewu wokha ndi wokwanira kuti munthu asankhe njirayi m'malo mokumba mphukira.

Pobzala, pezani malo a dzuwa tsiku lonse, osadikha madzi, mamita 4 mpaka 6 kuchokera pamtengo wina, ndiponso kutali ndi maziko a nyumba, mapaipi ndi dzenje la chimbudzi, chifukwa mizu ya mikuyu yonse imayenda mtunda kusaka madzi. Phimbirani ndi udzu koma usakhudze tsinde, kuopa chiswe.

Chotsalira ndi nyengo, ndipo apa tisanamizane. Kwawo kwa mtengowu nkhuyu zimapsa m'chilimwe chouma. Kuno kutentha kumabwera ndi mvula, ndiye nkhuyu zopsa mu Januwale ndi Febuluwale zimang'ambika, madzi ndi tizilombo n'kulowa pakabowo kakunsi, chipatso n'kusasa chisanathyoledwe. Mitundu ya kabowo kotseka, monga Celeste imene amalima kummwera chakum'mawa kwa United States komwe kuli chinyontho, imapirirako. Mvula imabweretsanso dzimbiri la masamba: timadontho tofiirira kunsi kwa tsamba, kenako masamba n'kuyoyoka nthawi isanakwane. Sesani masamba ogwawo n'kuwotcha, dulirani nthambi za pakati kuti mphepo izidutsa, ndipo pothirira muzithira patsinde, osati pamasamba.